Tsiku Limene Namzeze Anapita Kumsika

Ufumu wa Tidzaona unali ndi ndege imodzi yokha, ndipo pamene izi zinkachitika n'kuti ndegeyo itatha zaka makumi awiri ndi zitatu isanachoke pansi. Dzina lake linali Namzeze. Inali ya mipando makumi awiri ndi isanu ndi itatu, ya injini ziwiri, ndipo pamchira pake panajambulidwa mbalame imene ena ankati ndi namzeze, ena n'kumati ndi nkhuku yothawa mvula.

Masiku ake Namzeze ankanyamuka Lachiwiri ndi Lachisanu kuchokera pabwalo la ndege la Dikirani, kunja kwa mzinda wa Mawamawa, likulu la ufumuwo. Kenaka chitsulo china cha mu injini ya kumanzere chinatha. Nduna ya nthawi imeneyo inalengeza kuti chitsulo chatsopano chili m'njira. Anthu a ku Tidzaona ndi oleza mtima, choncho anayamba kuchidikira, ndipo podikirapo anaikokera ndegeyo m'shedi yaikulu ya malata n'kukhoma chikwangwani pakhomo cholembedwa kuti NYUMBA YOSUNGIRAMO MBIRI YA ZOULUKA. Pabwalo paja panamera udzu. Kunabwera mbuzi, kenaka magolo a mpira.

Wosamalira nyumbayo anali a Malizani Chikaonda, bambo wamfupi, wa imvi, amene anali makaniko wa Namzeze kuyambira tsiku limene ndegeyo inafika m'dzikomo. Pamene anzawo onse a pabwalopo ankabalalika kukafuna ntchito zina, iwo anatsala, poti palibe anawauza kuti ntchito yatha. M'mawa uliwonse ankaipukuta ndegeyo kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Ankazunguza ndi manja zopukusa mphepo za ku injini kuti zisagwirane. Lolemba lililonse ankapopa matayala ndi pampu ya njinga, ntchito imene inkawatengera m'mawa wonse. Njiwa zonse za ku Dikirani zinkawadziwa ndipo zinkadana nawo.

Loweruka kunkabwera aNamilanzi, amene kale ankalandira ndi kusamalira apaulendo m'ndegemo, koma tsopano ankagulitsa tomato mumsika wa Tsitsaniko. Ankavala yunifolomu yawo yakale, imene telala anali ataikuza kawiri, n'kuima pakhomo la ndege kulandira alendo. Kunkabwera akwati ndi operekeza awo, makwaya, alimi amene agulitsa fodya n'kufuna kuona zinthu asanabwerere kumudzi. ANamilanzi ankawakhazika m'mipando, kuwamangitsa malamba, ndi kuwauza chochita ndege ikafuna kugwera m'madzi, ngakhale madzi amene anali pafupi ndi a pamjigo. Anthu ambiri a ku Tidzaona amene ankati anakwerapo ndege anaikwerera m'shedi imeneyi, ndipo sankanama.

Zinthu zinasokonekera m'mwezi wa masika, pamene mfumu ya dziko loyandikana nalo la Tafikakale inabwera kudzacheza ndi Mfumu Nyadani Wachiwiri wa Tidzaona. Mlendoyo anaonetsedwa fakitale ya shuga imene inali pafupi kuyamba kumangidwa, ndi malo amene padzakhale damu. Tsiku lomaliza anapita naye ku Dikirani. Mlendoyo anaizungulira ndegeyo, anagogoda tayala ndi nsapato, n'kuyamikira kuti ndi yoyera bwino.

"Nanga zouluka zija mumazisunga kuti, achimwene?" anafunsa motero, anthu onse akumva.

Mfumu Nyadani inaseka nawo. Koma mlendo atangodutsa malire, inaitanitsa nduna zonse.

"Munthu wandifunsa funso pamaso pa anthu anga," inatero Mfumu. "Ndikufuna kuti funso limenelo lisadzafunsidwenso."

Nduna zinayang'ana patebulo. Nduna ya Zaulimi inaganiza zoti mwina chitsulo chija achifunsenso kumene chinaitanitsidwa, koma itakumbukira kuti kampaniyo inatsekedwa Mfumu isanalowe ufumu, inangotsokomola. Amene anaimirira anali Olemekezeka Damiyano Kanyumbu, Nduna ya Zamlengalenga ndi Zina Zosafikirika, munthu amene ankadziwika kuti sanayankhepo funso popanda kuyamba walikonza kaye funsolo.

"Mfumu yanga, vuto si loti ndege yathu siikuuluka. Vuto ndi loti anthu akuiona isakuuluka. Tikaitseka nyumba ija, ndege n'kuichotsa, wofunsa adzafunsa akuloza chiyani?"

Mfumu inagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"M'malo mwake," anapitiriza a Kanyumbu, "timange ndege ya simenti pamphambano yolowera mumzinda, yaikulu kuposa Namzeze, mphuno yake italoza kumwamba. Imeneyo palibe adzaifunse chifukwa chake siikuuluka. Aliyense amadziwa kuti simenti siuluka."

Nduna ya Zachikhalidwe, mayi wofatsa amene ukwati wa mwana wake unajambulitsa zithunzi mwa Namzeze, inafunsa motsitsa mawu kuti nanga mbiri ya dziko ikhala bwanji.

"Mbiri tidzailemba pachikwangwani pansi pa ndege ya simentiyo, mayi. Mbiri yolembedwa siichita dzimbiri."

Nduna zinaomba m'manja. Mfumu inati m'mawu amenewo muli nzeru, ndipo inalamula kuti alembedwe m'mabuku a sukulu.

Lamulo linawerengedwa pa wailesi Lolemba masana. Linati Nyumba Yosungiramo Mbiri ya Zouluka yatsekedwa pofuna kuti mbiriyo isungike bwino. Linati ndege ichoke pabwalo la Dikirani pofika Lachisanu dzuwa lisanalowe. Linatinso ndegeyo yaperekedwa kwa a Twaliki Saizi, mmisiri wokhoma zidebe ndi mapoto mumsika wa Tsitsaniko, kuti aisandutse ziwiya, banja lililonse lilaweko mbiri ya dziko lake.

Mumsika anthu anamvetsera mpaka nyimbo ya fuko itatha.

"Zili bwino," anatero mayi wogulitsa nyemba. "Mwina nyemba zizipsa msanga. Poto wake woti anafikapo kumitambo."

"Ine ndikufuna wa kuphiko," anatero wausipa. "Wa kumchira ayi. Kuja n'kumene kunali chimbudzi."

Wapampando wa akabaza, amene anali atatsamira njinga yake pafupi ndi benchi ya tomato, anati iye wasangalala ndi ndege ya simentiyo, chifukwa ikadzatha kumangidwa boma lingathe kumanganso chipatala cha simenti yokhayokha, chopanda khomo, kuti pasadzapezeke wofunsa za mankhwala.

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi. ANamilanzi sanaseke. Anavundikira tomato wawo ndi chiguduli, anapempha mnzawo kuti awaonere, n'kukwera kabaza wa ku Dikirani.

Anawapeza a Chikaonda ali pamakwerero, akupukuta zenera la woyendetsa.

"A Chikaonda, simunamve wailesi?"

"Ndamva."

"Nanga mukupukutiranji?"

"Ipite ili yoyera," anatero osatembenuka.

Lachiwiri a Chikaonda anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kupita ku ofesi ya a Kanyumbu atatenga kalata imene anailemba ndi kuikonza kanayi. M'kalatamo anafotokoza kuti ndege za mtundu wa Namzeze zatsala zowerengeka padziko lonse, kuti inanyamulapo odwala nthawi ya chigumula misewu itaduka, ndiponso kuti ikadulidwa palibe mmisiri angaibwezeretse. Mlembi wa pakhomo anawauza kuti bwana ali pamsonkhano wokonzekera msonkhano, abwere mawa. Lachitatu anapitanso. Mlembi yemweyo anawauza mwaulemu kuti iye ananena kuti mawa, osati lero.

Lachinayi m'mawa a Twaliki Saizi anafika ku Dikirani ndi chikwama cha zida: sowo, tchizulo ndi nyundo yaikulu. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa zala zokhala ndi zipsera za malata. ANamilanzi anali atafika kale, atakhala pa sitepe ya ndege manja ali m'masaya.

"Che Chikaonda, musandide ine," anatero a Saizi. "Ine anangondiitana n'kundipatsa pepala."

"Sindikukudani, bambo. Ndingopempha chinthu chimodzi. Muyambire kumchira, ndipo mundilole ndiyambe ndatuluka."

A Saizi anaika chikwama pansi n'kupita kumchira kuja kukafuna poyambira. Anayendetsa chala chachikulu pamzere wa timisomali timene tinalumikiza malata a ndegeyo. Anautsatira mzerewo kuchoka kumchira, kudutsa pansi pa mazenera, mpaka anapezeka ali kuphiko. Anabwereranso. A Chikaonda, amene anali atafika kale pakhomo la shedi, anaima.

"Ndakhala ndikukhoma zidebe zaka makumi atatu," anatero a Saizi, "koma mzere wowongoka chonchi sindinaukwanitsepo. Amene anakhoma apa anali munthu."

"Pansi pa phiko limenelo pali chigamba," anatero a Chikaonda. "Inagundana ndi chiwombankhanga chaka cha dzombe. Ndinachiika ndine."

"Pati?"

"Chipezeni."

A Saizi anagwada. Anapapasa phiko lonse ndi manja onse awiri, anasuzumira chammbali, anagogoda ndi chikhadabo akumvetsera. Patapita nthawi a Chikaonda anabwera, anawagwira chala n'kuchiika pamalo pake. A Saizi anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kuvula kachisoti kawo.

"Ine izi sindidula," anatero. "Akandimanga andimange. Dzanja langa likana."

"Mukakana inu apatsa wina," anatero aNamilanzi. "Tapatseni pepalalo ndilione."

Analiwerenga kawiri, milomo ikuyenda.

"Apa akuti ndege ichoke pofika Lachisanu. Apa akuti ndi yanu. Palibe pamene alemba kuti ichoke ili zidutswa, kapena tsiku loti mapotowo akhale atatha. Kodi inu chidebe chobooka mumachikonzera kunyumba kwa mwini wake?"

"Ayi, ndimapita nacho kumsika."

"Ndiye pitani nayoni kumsika ntchito yanu. Kuseri kwa shedi yanu kuja kuli malo, paja ankati adzamangapo sitolo zamakono."

A Chikaonda anayang'ana matayala. Kuchokera ku Dikirani kukafika ku Tsitsaniko unali mtunda woti munthu wopanda katundu amayenda ola limodzi ndi theka.

"Matayalawa angafike," anatero, "bola tisathamange."

"Musadandaule," anatero aNamilanzi. "Muno mu Tidzaona simunathamangepo chinthu."

Madzulo a tsikulo nkhani inazungulira msika wonse, ndipo Lachisanu kutacha anthu amene anafika ku Dikirani anali ambiri kuposa amene anabwera kudzalandira mfumu ya ku Tafikakale. Wapampando wa akabaza anabwera ndi anthu ake onse. Wangolo wina, a Chipiliro, anabwera ndi ng'ombe zinayi. Zingwe anabwereka kwa oyendetsa malole a fodya. Kwaya ya amayi a mpingo wina inati ilibe mphamvu zokankhira koma iziimba, kenaka inayamba kukankha ikuimba. A Chikaonda anachotsa mitengo imene inatchinga matayala, anaonetsa anthu malo oyenera kugwira ndi malo oti asayerekeze kutsamira, ndipo Namzeze anatuluka m'shedi koyamba m'zaka makumi awiri ndi zitatu. Dzuwa litamuwomba ananyezimira moti mbuzi zinathawa.

Msewu wochoka ku Dikirani kupita kumsika unali umodzi wokha, ndipo unkadutsa kutsogolo kwa nyumba yachifumu. Cha m'ma teni koloko Mfumu Nyadani inali pakhonde ndi nduna zake, ikuonetsedwa chithunzi cha ndege ya simenti ija, pamene inamva nyimbo. Itakweza maso inaona mchira wa ndege ukuyenda pamwamba pa mpanda.

"A Kanyumbu, n'chiyani chimenecho?"

A Kanyumbu anayang'ana mchirawo, anayang'ananso Mfumu. Sanakhale nduna zaka zonsezo pachabe.

"Ndi anthu anu, Mfumu. Abwera kudzakuthokozani chifukwa cha lamulo lija."

Mfumu inasangalala. Inaitanitsa ndodo yake ndi chipewa, n'kutuluka pachipata nduna zikutsatira. Anthu ataiona anasiya kuimba. Ng'ombe zinaima. A Chikaonda, amene ankayenda pambali pa tayala pampu ili m'manja, anaganiza kuti ulendo wathera pomwepo.

Mu Tidzaona munali chinsinsi chimodzi chimene aliyense ankachidziwa: Mfumu Nyadani inali isanakwerepo ndege. Inkaopa malo okwera. Nyumba yachifumu inalibe chipinda chapamwamba, nsanja zolankhulirapo zinkamangidwa zofika m'mawondo, ndipo ikaitanidwa kumaiko akutali inkatumiza nduna pamodzi ndi chithunzi chake. Ngakhale tsiku lija la mlendo, Mfumu inangoima panja n'kumati ndegeyo ikuidziwa kale m'kati mwake.

ANamilanzi anatsika masitepe ali mu yunifolomu yawo, ananyonyomala pang'ono n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Mfumu, mpando wanu ulipo. Wakutsogolo, wa pazenera."

Mfumu inayang'ana khamu lija, inayang'ana khomo la ndege, kenaka inasendera pafupi ndi aNamilanzi n'kutsitsa mawu.

"Mayi, ndiuzeni zoona. Siinyamuka eti?"

"Mfumu, zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikukweza anthu m'menemu. Siinandichititsepo manyazi."

Mfumu inapereka ndodo kwa msilikali n'kukwera, ikugwiritsa chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri. Kwaya inayambiranso nyimbo. A Kanyumbu anafuna kukwera nawo, koma a Chikaonda anawauza mwaulemu kuti matayala ndi okalamba, sangathe kunyamula boma lonse.

M'katimo aNamilanzi anaimanga Mfumu lamba, anaima pakati pa mipando ngati kale, n'kulengeza kuti ulendowu ndi wa ku Tsitsaniko, nyengo ili bwino, ndipo oyendetsa ndi a Chipiliro ndi ng'ombe zawo. Anaipatsa tiyi wa m'fulasiki ya mayi wina wa mumsika ndi zitumbuwa ziwiri. Poyamba Mfumu inatseka maso. Itamva kuti palibe chikuchitika, inatsegula diso limodzi, kenaka inayamba kubayibitsa anthu pazenera.

Phula la msewuwo linkathera pomwe mpanda wa nyumba yachifumu unkathera. Atangodutsa pamenepo ndege inayamba kugwedezeka, tiyi n'kutayikira pa mkanjo wachifumu.

"Chikuchitika n'chiyani, mayi?"

"Tikudutsa m'mitambo yoipa, Mfumu. Gwiritsitsani."

Mfumu inasuzumira pazenera n'kuona tayala likutuluka m'dzenje, lina likudikira kutsogolo.

"Mitambo imeneyi ndi ya nduna iti?"

"Ya Zamisewu, Mfumu."

"Mundikumbutse tikatera."

Dzuwa litapendeka anafika polowera mumsika, pamene panali Chipata cha Chitukuko. Chinali cha zipilala ziwiri za simenti zolumikizidwa pamwamba, ndipo pakati pake panali nkhope ya Mfumu ikumwetulira. Malole ankadutsapo bwinobwino. Koma mapiko a Namzeze anali otambalala kuposa chipatacho ndi mikono ingapo mbali iliyonse, ndipo kumbali kunali ngalande. Ulendo unaima.

A Kanyumbu, amene anali atayenda mtunda wonsewo pansi mu nsapato zosongoka, anaona kuti mwayi wawo wafika.

"Palibe chovuta apa. Mmisiri uja ali kuti? Dulani mapikowa, thupi lidutse. Paja n'zodulidwa kale."

A Saizi anayang'ana kumbali ngati sanamve. Asilikali awiri anapita kukatenga chikwama cha zida chija pangolo. Pamenepo a Chikaonda anaika pampu pansi n'kukaima pansi pa phiko la kumanzere. Moyo wawo wonse anali asanayankhepo munthu wa boma mawu oposa "chabwino bwana", koma tsikulo analankhula.

"Bwana, ine ndine munthu wamba, sindidziwa malamulo. Koma ntchito ya ndege ndimaidziwa. Ndege siidulidwa mapiko wapaulendo ali m'kati. Ngati mukufuna kuti mbiri idzanene kuti ndege ya Mfumu inaduka mapiko Mfumu ili paulendo, lamulani ndinu, anthu onsewa amve. Sowoyo iyambire pa ine."

Asilikali aja anaima ndi chikwamacho. A Kanyumbu anatsegula pakamwa, koma funso limeneli linakana kukonzeka. Anakwera masitepe n'kusuzumira m'kati.

"Mfumu, mwina mutsikire pano. Galimoto lili pambuyopa."

"Tafika?" Mfumu inafunsa aNamilanzi.

"Ayi, Mfumu. Bwalo lake lili kuseri kwa chipatachi."

"Ndiye nditsike bwanji? Mukufuna a ku Tafikakale amve kuti ndege yanga inathera panjira? Chatitchinga n'chiyani?"

"Chitukuko, Mfumu," anatero aNamilanzi.

"Chichotseni."

A Saizi anatenga nyundo yawo yaikulu kwa asilikali aja. Anthu ankaganiza kuti ntchitoyo itenga mpaka mawa, koma chipilala choyamba chinagwa atangochimenya katatu, chachiwiri kawiri, ndipo zonse zinasanduka mulu wa mchenga. Wausipa uja anatola pang'ono, anaufikisa m'manja, n'kunena kuti mwina simenti yake nayonso ili m'njira. Nkhope ya Mfumu anaitola bwinobwino n'kuitsamiritsa pamtengo.

Kuchoka pamenepo kukafika kuseri kwa shedi ya a Saizi panali kachitunda. Ng'ombe zinali zitatopa, akabaza mapewa atatupa, kwaya mawu atasasa. Ndege inakwera pang'ono n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Mfumu inagogoda zenera, ndipo aNamilanzi anatulutsa mutu pakhomo.

"Mfumu ikufunsa kuti nduna zake zili kuti."

Nduna zinavula majekete. Ya Zachikhalidwe inali itayamba kale kukankha kuchokera kunyumba yachifumu osauza munthu. Ya Zamisewu inakankha mwamphamvu kuposa onse, ngati munthu amene wanong'onezedwa kanthu. A Kanyumbu anapatsidwa malo pakati pa wogulitsa makala ndi mayi wa nyemba, amene ankawalangiza kuti azikankhira m'chiuno, osati m'mawu. Namzeze anakwera kachitunda kaja n'kuima pamalo pake dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. A Chikaonda anatchinga matayala ndi njerwa, n'kukhala pansi.

Mfumu inatulukira pakhomo la ndege, mkanjo uli ndi banga la tiyi, nkhope ikuwala.

"Anthu anga a Tidzaona," inatero, "lero ndauluka."

Panalibe wotsutsa. Anthu anali otopa, komanso inali nthawi yoyamba kuiona Mfumu yawo itasangalala ndi chinthu chimene chinachitikadi, ngakhale sichinachitike ndendende mmene inkanenera.

Pomwepo inapereka lamulo latsopano. Inati Nyumba Yosungiramo Mbiri ya Zouluka ikhalabe yotseka, chifukwa mfumu siibweza mawu, ndipo asilikali awiri azilondera shedi ija usana ndi usiku kuti wina asalowemo kukaona zimene mulibe. Inati Namzeze sali m'gulu la mbiri, poti chinthu chimene chayenda lero lomwe sichingakhale chakale. Kuyambira tsikulo ndi Ndege ya Mfumu, imene ikudikira ulendo wotsatira, ndipo aliyense woiyandikira ndi sowo adzayankha mlandu woukira ufumu. Anthu wamba aziloledwa kukweramo kuti mipando isachite nkhungu. A Chikaonda anasankhidwa kukhala makaniko wamkulu wa ndege zonse za ufumu, a Saizi woyang'anira bwalo. A Kanyumbu anauza mtolankhani wa wailesi kuti zonsezi zinali m'mapulani a unduna wawo kuyambira pachiyambi.

Galimoto zachifumu zitachoka, anthu anayamba kubalalika. Amayi a masamba anayamba kale kukangana za amene adzakhale pamthunzi wa phiko liti. A Chikaonda anazungulira ndege yonse, akugwira tayala lililonse ndi chikhatho ngati akuyeza mwana kutentha thupi. Atamaliza anapeza aNamilanzi atakhala pakhomo la ndege, nsapato atavula.

"A Chikaonda, pali chimene ndakhala ndikufuna kukufunsani. Ndakweza anthu ambirimbiri m'ndege muno. Inu sindikukumbukira kuti ndinakumangitsanipo lamba."

"Simunandimangitsepo."

"Ngakhale masiku aja ikuuluka?"

"Makaniko akakwera, matayala aziwaona ndani ponyamuka? Ine ntchito yanga inali yoima pansi, kumvetsera injini mpaka itasowa. M'katimo ndimalowa ndi tsache."

"Kwerani."

"Zovala zangazi zili ndi girisi, mayi."

"M'menemu lero mwakhala munthu wa tiyi pamkanjo. Kwerani."

A Chikaonda anapukuta manja pa thalauza, anapukutanso mapazi pa sitepe yoyamba, n'kukwera. Anafuna kukhala kumbuyo, koma aNamilanzi anawalozera mpando wakutsogolo uja, wa pazenera. Anawamanga lamba, anawathirira tiyi wotsala, amene anali atazizira. A Chikaonda anakhala mowongoka, kapu ili m'manja awiri. Ankangoyang'ana pazenera: amayi akumanga mitolo yawo, akabaza akukankha njinga poti mphamvu zopalasira zinali zitatha, a Saizi akubweza nyundo m'chikwama.

"Mwaona bwanji?" anafunsa aNamilanzi.

"Ndi pabwino," anatero a Chikaonda. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kusuzumiranso. "Koma anthu akuoneka ang'onoang'ono ukakhala pano. Chonsecho sitinanyamuke n'komwe."

"Ndi vuto la mpando umenewo," anatero aNamilanzi. "Malizani tiyiyo mutsike, musanazolowere."